Bwanoni wa ku Mufakose si mlendo

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wandilembera imelo. Akuti mu Epulo ana ake anatola tizilombo tobiriwira pansi pa getsi lapakhonde. Agogo awo, amene anabadwira ku Dedza, atangotiona anati ndi bwanoni, koma bambo akunyumba akukanitsitsa kuti ndi dzombe chabe. Akufunsa kuti akunena zoona ndani, nanga bwanoni angafike bwanji ku Harare kuno.

Mayi, agogo sanalakwe. Mukamugwiranso, muyang'ane tinyanga take. Ta dzombe n'tatifupi, tolimba, pomwe ta bwanoni n'tatitali, tosalala ngati ulusi, ndipo mutu wake ndi wosongoka. Wamkazi ali ndi chinthu chonga kalupanga kumbuyo, choikira mazira m'mapesi a udzu. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti makutu ake ali pa miyendo yakutsogolo, munsi pang'ono mwa bondo. Kulira kwa tsiii kumene mumamva usiku kudambo ndi wamwamuna akukhuza mapiko.

Akatswiri amamutcha Ruspolia differens, wa m'banja la Tettigoniidae, ndipo anamufotokoza koyamba ndi Serville wa ku France mu 1838. Dzombe ali m'banja lina, la Acrididae. Ubale ulipo, koma wapatali. Mtundu usakusokonezeni: wobiriwira ndi wofiirira onse ndi bwanoni mmodzi.

Tsono sanakwere basi kuchokera ku Malawi ayi. Amapezeka m'madera ambiri a Africa kumwera kwa Sahara, mpaka ku Madagascar. Ku Uganda amati nsenene, ndipo ku Masaka amamutchera ndi magetsi owala kwambiri, malata ndi migolo, kawiri pachaka. Ku Bukoba, m'dziko la Tanzania, amati senene.

Kwawo kwenikweni ndi paudzu wautali. Amadya maluwa ndi njere za udzu, komanso salekerera mpunga, mapira ndi mawere. N'chifukwa chake amachuluka mvula ikamatha, udzu utabereka. Kuno malo otere ndi madambo ngati la Monavale ndi m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi, ndipo zimandipweteka mtima ndikamaona nyumba zikumangidwa m'madambo ena, chifukwa udzu ukatha nayenso amasowa pobisala.

Ana akatolanso, onetsetsani kuti si pafupi ndi munda wopopera mankhwala. Apatseni agogo athothole mapiko ndi miyendo, akazinge ndi kamchere. Mafuta musathire, ali nawo ake.