Nekitarini ndi pichesi yemwe, kungoti alibe cheya

Mwafunsa ngati nekitarini adabadwa pokwatitsa pichesi ndi pulamu, komanso ngati mungadzale njere yake n'kudzakolola. Za pulamuzo ayi ndithu, ngakhale ambiri amaganiza choncho akaona khungu lake losalala. Nekitarini ndi pichesi yemwe. Akatswiri a zomera amawatchula dzina limodzi, Prunus persica, ndipo onse kwawo ndi ku China. Amangosiyana kachibadwa kamodzi, kamene kamachititsa kuti chipatso chimere cheya kapena chisamere. Mitengoyi itaima pamodzi yopanda zipatso simungaisiyanitse. Nthawi zina pichesi amachita kutulutsa nthambi imodzi yobereka zipatso zosalala, nthambi zina zonse zili ndi zacheya.

Njere imamera, makamaka ikayamba yakhala pozizira ndi pachinyontho miyezi iwiri kapena itatu, koma zipatso zake sizifanana kwenikweni ndi chomwe mudadyacho. Ine ndingakulangizeni mbande yomezanitsa, yomwe imayamba kubereka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Mtengo umodzi ndi wokwanira, chifukwa mitundu yambiri imabereka ndi mungu wake womwe.

Chomwe ndikufuna muchigwiritsitse ndi nkhani ya kuzizira. Mtengowu umayoyola masamba n'kugona, ndipo kuti udzuke bwino umafuna maola ambiri ozizira, osapitirira madigiri 7. Mitundu yambiri imafuna maola 600 mpaka 1,000. Ikapanda kuwapeza, maluwa amatuluka mwa apo ndi apo, masamba amachedwa, munthu n'kumathira manyowa chaka ndi chaka osadziwa kuti vuto ndi nyengo. Zimandimvetsa chisoni zimenezi. Ngati kwanu sikuzizira kwambiri, funsani mitundu yofuna maola ochepa, monga 150 mpaka 300. Yambiri yotere idapangidwa ku yunivesite ya Florida.

Kusamala kwake n'chimodzimodzi ndi pichesi: dzuwa lokwanira ndi dothi losasunga madzi, pakuti mizu yake imaola msanga. Muzitengulira chaka chilichonse mtengo uli mtulo, pakati pakhale potseguka ngati mbale, chifukwa zipatso zimabereka pa nthambi zomwe zidaphuka chaka chathachi. Zikayamba kukula zipatulireni, pakati pa chipatso ndi chinzake pakhale masentimita 15 mpaka 20. Kuthothola zipatso zanthete kumawawa mumtima, koma mukazisiya zonse zimakhala ting'onoting'ono, nthambi n'kuthyoka.

Pomwe nekitarini amavutirapo kuposa pichesi ndi pa khungu. Cheya chija chimateteza, ndiye iye tizilombo timamukanda akadali wamng'ono, zipsera n'kukula nazo, ndipo mvula ikagwa akupsa amang'aluka kapena kugwidwa chuku chotuwa. Chipatso choola musachisiye mumtengo kapena pansi, chikwirireni kutali. Mukaonanso masamba atsopano akupiringizika n'kutupa mofiira, kupopera nthawi imeneyo n'kochedwa. Mankhwala a kopa amapoperedwa masamba akayoyoka, kenaka mphukira zisanatseguke.