Yankho kwa achemwali pa nkhani ya jekete la ku Lesotho

Achemwali, ndamva funso lanu lokhudza jekete lofufuma lija mwaliona pa salaula ku msika wa Soweto, ngati lingamuthandize mwana wathu pa ulendo wake wa ku Afriski mu July. Musalipire kaye mpaka mutawerenga kansalu kolembedwa kamene kasokeredwa m'kati mwake.

Afriski, malo otsetserekerako pa chipale chofewa, ili m'mapiri a Maluti ku Lesotho, pamalo okwera mamita opitirira 3,000, ndipo usiku kumazizira mpaka madzi kuundana. Komabe chimene chimasautsa kwambiri munthu amene akungophunzira kutsetsereka pa chipale chofewa ndi kunyowa. Adzagwa kambirimbiri, chipale chidzasungunukira pa zovala zake, ndipo podzuka ndi kuyesanso adzatuluka thukuta ngakhale kunja kuli chisanu.

Ngati kansaluko kalembedwa kuti down, ndiye kuti m'kati muli nthenga za bakha kapena za tsekwe. Nthenga zimafunditsa kwambiri chifukwa zimasunga mpweya pakati pake, koma zikanyowa zimamatirirana ngati za nkhuku yovumbidwa ndi mvula, kufunda konse n'kutha, ndipo zimachedwa kuuma. Ine ndikanasankha jekete loikidwa ulusi wa polyester, monga PrimaLoft kapena Thinsulate, chifukwa limafundabe ngakhale litachita chinyezi. La ulusi wolemera magalamu 60 mpaka 100 pa sikweya mita iliyonse likukwanira, pakuti lokhuthala mopitirira limangomuwotcha munthu akayamba kusewera.

Nsalu yakunja ikhale yosalowa madzi. Mukaona nambala ya 10,000 mm kapena kuposa, yosonyeza mphamvu ya nsaluyo yoletsa madzi, kapenanso dzina la Gore-Tex, dziwani kuti mwapeza labwino. Popeza ndi la salaula, litembenuzeni ndipo muyang'ane m'misoko ya m'mapewa ndi ya chipewa, chifukwa mumakhala katepi komatidwa kotseka mabowo a singano, ndipo kakayamba kumatuka madzi amadutsa pomwepo. Dontheziraninso timadzi pamkono: tikamagubuduka ngati mikanda nsaluyo ikadali ndi mphamvu, koma tikalowerera n'kusiya banga lakuda, lisiyeni ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani.

Muonenso ngati lili ndi zipi m'khwapa zotulutsira kutentha, lamba wa lasitiki m'chiuno woletsa chipale kulowera kumsana akagwa, ndi chipewa chachikulu chokwana pamwamba pa helemeti. Aliyese atavala juzi m'kati, akweze manja m'mwamba, ndipo msana ukaonekera ndiye kuti ndi laling'ono.

Za malaya a thonje amene munati mumulongedzere, chonde asakavale pakhungu posewera, chifukwa thonje limamwa thukuta n'kukhala lozizira tsiku lonse. Mumupezere chovala chopyapyala cha polyester kapena cha ubweya wa nkhosa. Mukabwerera ku Soweto Loweruka, mundijambulire kansalu kaja ndi misoko yake, ndipo ndikuyankhani mukadali pomwepo.