Ndere zonga tsitsi zadzadza m'thanki

Funso: M'thanki yanga ya madzi amchere yowetera zamoyo zam'nyanja mwamera ndere zobiriwira zonga tsitsi, zikuphimba ma coral (tinyama tam'nyanja tooneka ngati zomera kapena miyala). Nditani?

Yankho: Ndere zimenezi zimanenepa ndi nitrate ndi phosphate zochokera ku chakudya chotsala ndi madzi apampopi. Mukayeza nitrate ndi phosphate m'madzi n'kupeza ziro musasangalale, ndere zamwa kale zonse.

Zulani ndi manja. Miyala yopanda ma coral itulutseni, muikweche ndi mswachi mu ndowa ya madzi am'thanki momwemo. Sabata iliyonse sinthani madzi 10 peresenti, osungunulira mchere akhale a RO/DI (madzi osefedwa ndi makina ochotsa zosungunuka m'madzi). Nyali ziziyaka maola 8 okha. Nkhono za Trochus zimadya zazifupi, zazitali zimazilambalala. Mukaika GFO (timibulu toyamwa phosphate m'madzi) yambani ndi theka la muyezo, chifukwa phosphate ikatsika mwadzidzidzi ma coral amafwifwa.