Achimwene a ku Chibavi akufuna pisitolo

Imelo iyi yakhala masiku anayi ndisanayankhe, ndimati ndikalemba mizere iwiri n'kufufuta. Achimwene ena a ku Chibavi ali ndi kashopu komanso amapanga za Mpamba ndi Airtel Money, mbava zawathyolera kawiri chaka chino, ulendo wachiwiriwo zinabwera ndi zikwanje n'kumutema mlonda pamkono. Ndiye akufunsa kuti laisensi ya pisitolo amaipeza bwanji, komanso bwanji boma osangopereka mphamvu ku khonsolo kuti zonse zizithera kuno ku Mzuzu, poti laisensi ya shopu ndi ya mowa timatenga kukhonsolo komweko.

Achimwene, pepani kwambiri ndi zomwe zakuchitikirani. Mantha ogona ukumvetsera chitseko ndimawadziwa. Koma mawu oti pisitolo anandibweza kutali, kunyumba ya achemwali anga komwe ndinakulira, ndiye mundilole ndiyambire kumeneko.

Ndili fomu 3 ndinkakhala ndi achemwali ndi amuna awo. Alamuwo anali a bizinesi ya matabwa, nthawi imene ija Chikangawa inali Chikangawa, amanyamuka m'bandakucha ndi ndalama zambiri m'chikwama kukalipira anyamata ocheka ndi a malole, ndiye chifukwa chofunira mfuti anali nacho chomveka bwino ngati chanuchi. Anatsata njira yake, mapepala onse anali nawo, palibe chakuba chilichonse. Ndipo zaka zonse zomwe ndinakhala pakhomo paja sanawombereko munthu, olo mbava imene sinabwere n'komwe.

Koma ntchito ya mfuti ija ndinaiona ine. Akayambana ndi achemwali, kaya nkhani ya ndalama ya ndiwo kaya abwera mochedwa atamwa, samakuwa ayi, amangolowa kuchipinda n'kuitenga, kukhala pa sofa, kuyala kansalu patebulo pomwe timadyera nsima n'kuyamba kuipukuta pang'onopang'ono, zipolopolo atazindandalika pambali. Osayankhula kanthu. Nyumba yonse imangoti zii, ana kukabisala kukhitchini, ine buku lili m'manja koma osawerenga. Achemwali anaonda, anasiya kutsutsa chilichonse, olo kupita kukwaya amayamba apempha kawiri katatu. Ankhoswe atabwera nkhani inavuta kuifotokoza, chifukwa amafunsa kuti kodi anakumenyani, ayi, anakulozani nayo, ayi, nanga vuto n'chiyani poti mfutiyo ndi yovomerezeka? Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa. Yovomerezeka. Amene anavomereza ndani, poti munthu amene amagona nayo chipinda chimodzi sanafunsidwe ndi wina aliyense?

Alamu aja anamwalira patapita zaka, achemwali anali atachoka kale. Titamaliza maliro anthu anakangana za nyumba, za galimoto, mpaka za mafiriji, koma za mfuti palibe anakumbuka. Inapezeka patatha miyezi isanu ndi umodzi m'kabati pansi pa mabulangete, ndipo anaipeza ndi mwana wa zaka 11 akufuna yunifolomu. Ine ndi amalume ndi amene tinaikulunga m'chitenje kukaipereka. Ndikaganiza kuti mwana uja akanati aionetse anzake kuseri kwa nyumba, thupi limachita tsembwe.

Ndiye mukati khonsolo izipereka, poyamba ndinati mwina achimwenewa ali ndi mfundo. Lamulo lathu la mfuti ndi la 1967, dziko lili ndi zaka zitatu zokha chilandirireni ufulu, Mzuzu ali katauni ka minda ya mitengo ya tung, kulibe mafoni a m'manja, kulibe ma ejenti oyenda ndi mamiliyoni m'kachikwama ka kumsana. Kaundula wa mfuti ali m'manja mwa apolisi kulikulu ku Area 30 ku Lilongwe, ndipo n'zoona kuti ife a kumpoto chilichonse chodikira siginecha ya ku Lilongwe chimatitopetsa. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono zinabwera mu 1998, ndiye munthu atha kufunsa kuti nanga izi zinatsaliranji.

Koma ndaganiza masiku anayi aja ndipo ndikukana. Ndikukanitsitsa. Khansala ndi munthu wa mavoti, ali ndi chipani, ali ndi anyamata ake omwe anamuthandiza kampeni, ali ndi abizinesi omwe anamugulira mafuta. Sindikunena khansala wina wake ayi, ndikunena mpandowo mmene ulili. Mumupatse cholembera chosainira mfuti munthu amene chaka chachisankho akufuna kusangalatsa aliyense? Komanso musaiwale kuti makhansala omwe tinasankha mu 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka 9. Kaundula wa mfuti sangakhale pa ofesi yomwe ndale zitha kuitseka n'kuitsegula mmene zafunira. Laisensi ya bala ikaperekedwa molakwika timasowa tulo ndi phokoso basi, mawa n'kukailanda. Ya mfuti ikalakwika timakakumana ku mochale.

Ndipo ife a Mzuzu tikuyenera kudziwa bwino kuposa wina aliyense zomwe zimachitika mfuti zikasakanikirana ndi ndale. Achinyamata ambiri sadziwa kuti Operation Bwezani inayambira mumzinda muno. December 1993, a payoniya, gulu la achinyamata la nthawi ya Kamuzu lomwe linali ndi zida (Malawi Young Pioneers, MYP), anawombera asilikali a ku Moyale atakangana pamalo omwera mowa, masiku ochepa okha asilikali anayamba kulanda zida za MYP dziko lonse, ena mwa apayoniyawo n'kuthawira ku Mozambique. Nkhondo ya ku Mozambique komweko inali itangotha mu 1992 ndipo ma AK47 otsala ndi amene anadzasautsa anthu m'zaka zotsatira, akuluakulu amene anali ndi magolosale nthawi imeneyo akuuzani. Pitaninso ku Zolozolo mukaone manda a anthu omwe anafa pa zionetsero za pa 20 July 2011. Mzinda uno chipolopolo umachidziwa, sitichita kumva pa wailesi.

Chinanso chimene anthu sakonda kumva, mbava zikadziwa kuti m'nyumba muja muli pisitolo sizithawa nthawi zonse, zina zimabwerera yomweyo, chifukwa kwa iwo mfuti ndi katundu wodula kuposa ndalama zanu za Mpamba ndi Airtel Money za tsiku limenelo. Zimabwera anthu sikisi kapena teni 2 koloko usiku inu muli m'tulo, mfuti ili kokhoma. Mukati muziisiya pansi pa pilo kuti ikhale pafupi, ndiye mwaiika pomwe ana amafika.

Zomwe ndingasinthe atandifunsa

Kusaina kukhale kwa apolisi, kaundula akhale mmodzi dziko lonse, pa kompyuta, osati mafayilo. Malawi anasaina nawo pangano la SADC loyang'anira mfuti mu 2001, ndipo anasainirana ku Blantyre konkuno kwathu, ndiye si nkhani yachilendo. Koma dera lipatsidwe pakamwa, osati cholembera. Munthu akapempha mfuti, afunsidwe mayi a kunyumba paokha, bambo kulibe, chitseko chotseka. Ku Canada fomu yake imafuna dzina la mkazi kapena mwamuna wako ngakhale amene munasiyana posachedwa, kuti adziwe zoti ukufuna mfuti. Ife tili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, tili ndi ma Victim Support Unit m'mapolisi, nanga chovuta n'chiyani kuti dzina la wopempha liyambe ladutsa kumeneko? A block leader ndi a community policing amadziwa amene akaledzera amathamangitsa ana ndi mpeni, afunsidwe, koma zonena zawo zilembedwe ndipo wokanizidwa auzidwe chifukwa chake kuti athe kudandaula, apo ayi tidzangosamutsa kaduka wa m'makwalala kumulowetsa mu ofesi. Ku South Africa lamulo lawo la 2000 limafuna munthu akhale wa zaka 21, aphunzire kaye n'kupeza satifiketi yoti amaidziwa mfuti, ndipo laisensi yodzitetezera imatha pa zaka 5. Zimenezo tingatengereko.

Ndipo apa ndi pomwe khonsolo ingagwire ntchito yeniyeni, pa imfa. Munthu akamwalira kalata ya imfa imalembedwa, manda a mumzinda ndi a khonsolo, mafumu amadziwa maliro onse. Dzina limenelo lizikafika kwa osunga kaundula sabata yomweyo, wina abwere pakhomo mwaulemu adzatenge mfutiyo isanapezedwe ndi mwana ofuna yunifolomu. Ndi mfuti zingati zili m'masutikesi ku Katoto, ku Chimaliro, ku Luwinga, eni ake anagona kalekale?

Tsono achimwene, yankho lanu. Kukhonsolo musapiteko, alibe mphamvu imeneyo. Pitani kupolisi mukanene kuti mukufuna kupempha chilolezo cha mfuti, mutenge chiphaso cha unzika, mapepala a bizinesi ndi malipoti a kuthyoledwa kuwiri kuja, akakuuzani zotsatira ndipo chilichonse mwalipira mutenge lisiti. Musagule mfuti chilolezo chisanatuluke, ndipo wina akakuuzani kuti ali nayo yotchipa yochokera kumalire, imeneyo ndi ndende. Podikirapo, ndalama zisamagone kushopu kapena kunyumba, muzikasiya kubanki dzuwa lisanalowe ndipo muzisinthasintha nthawi ndi njira. Mlonda uja mumuthandize za kuchipatala mpaka achire.

Koma musanapite kupolisiko, khalani pansi ndi alamu athu kunyumbako muwafunse ngati akuifuna m'nyumbamo, ndipo muwasiye ayankhe okha mpaka amalize. Mukatero mundilemberenso, mundiuze zomwe anena komanso kuti ana anu ali ndi zaka zingati.