Ukapita kukaona achimwene ako ku Balaka

Mtsikana wina wandilembera kuti achimwene ake analowa chipani cha ansembe achimishonale a Katolika cha ma White Fathers ndipo pano akuphunzira filosofi ku Balaka, ndiye akufuna kukawaona koma amayi amutuma kuti akawauze zoti kunyumba zinthu zathina, fizi ya ana yasowa, feteleza sanagule, bwanji angobwerako adzafune ntchito. Akuti agogo, ndikanene kapena ndikangokhala chete?

Pita mdzukulu wanga, usazengereze ayi. Koma usakangotulukira pageti ngati ukupita kwa azakhali ako. Yamba waimbira foni wansembe amene akuyang'anira nyumba imene akukhalayo, upemphe tsiku, chifukwa kumeneko amayendera belu, mapemphero a m'mawa, Misa, kalasi, ntchito za kudimba, ndiye ukafika nthawi yolakwika achimwene akowo ndi amene akaoneke osalongosoka pamaso pa aphunzitsi awo. Uvale modzilemekeza, chitenje chisasowe m'chikwama. Kuchipinda kwawo usakalowe ngakhale ndinu a bere limodzi, pamene akulandirirapo khala pompo. Ukatenga mtedza, mbatata kaya nkhuku, utenge poganizira kuti amadya ndi anzawo tebulo limodzi, ena ochokera maiko akutali omwe abale awo sangakwanitse kubwera, ndiye katunduyo upereke poyera, osati kuwapatsira kuseri kuti akabise pansi pa bedi.

Tsopano za uthenga wa amayi, apa mpamene ndikufuna undimvetse. Zakunyumba usawabisire. Ngati kuli matenda nena, ngati kunagwa maliro nena, za fizi ndi fetelezazo nenanso, ndi kwawo ndipo ayenera kudziwa. Chimene ndikukuletsa ndi mawu aja akuti mungobwerako. Munthuyo salandira malipiro, alibe choti angakupatse, ndiye ukakamulirira kuti watitaya ukamusiya ndi mtima wosweka, usiku osagona, pemphero osalowa, mayeso ali pafupi. Ngati maitanidwe alibe adzazindikira yekha pamodzi ndi amene akumuphunzitsa, nthawi imeneyi anaiikira zomwezo. Ndikuwamvetsa amayi ako, kulera mwana wamwamuna mpaka kumaliza Fomu 4 kenako nkumuona akupita sizophweka, komatu ansembe a chipani chomwechi amene anafika kwa Mponda mu 1889 ndi anzawo amene anadzatsegula mishoni ya Mua mu 1902 nawonso anasiya amayi awo akulira kwawo, ndipo ife tinabatizidwa chifukwa cha iwowo.

Mbali inanso ndi iyi, musayambe kuwatchula kuti abambo, kapena kumajambula zithunzi nkuponya pa Facebook kuti wansembe wathu uyu. Ulendo udakali wautali, akamaliza ku Balaka pali chaka cha uzimu chomwe ambiri amakachitira ku Kasama ku Zambia, kenako zaka ziwiri akutumikira m'dziko lina nkuphunzira chilankhulo cha eni ake, kenako maphunziro a zaumulungu kwina ngati ku Nairobi kapena ku Abidjan, zonse pamodzi zimayandikira zaka 10. Ndaonapo anyamata akukakamira zinthu zoti mtima wawo unachokamo kalekale, kungoopa manyazi kuti kumudzi anayamba kale kuwagwadira. Ukawauze mawu awa, kuti achimwene, mukapitiriza tili nanu, mukabwerako pakhomo mpanu.

Ndipo pita panopa akadali pafupi, minibasi imodzi wafika, chifukwa akadzawoloka malire mudzangomvana pa foni basi. Ukafika uwafunse mmene akukhalira, akudya bwanji, chikuwavuta nchiyani, uwasiye alankhule iwowo. Mlendo ndi mame, usadikire kuti belu la mapemphero a madzulo likuthamangitse, ukatsanzike kwa wansembe uja ndi kuthokoza. Ukabwerera ukawafotokozere amayi zonse zimene waona, ndipo ulendo wina udzayesetse kupeza thiransipoti ya anthu awiri kuti akadzionere okha kumene mwana wawo akukhala.