Mafunso a Owerenga: Lantana Walowa M'nkhalango Yathu, Tichite Chiyani?

Funso: Ndine mmodzi wa gulu losamalira nkhalango ya m'mudzi mwathu. Chitsamba cha lantana, chimene ena anabzala ngati mpanda wa madimba, tsopano chalowa m'nkhalango, ndipo pamene chayanga sipakumeranso timitengo ta msuku kapena mombo. Ndalama zogulira mankhwala tilibe. Kodi pali zimene tingachite patokha popanda kudikira boma? (Wowerenga, Chipangali)

Yankho: Zikomo kwambiri, inu ndi anzanu a m'gulu. Zimene mungachite zilipo, ndipo zambiri sizilira ndalama koma kugwirizana ndi kudziwa poyambira. Lamulo la nkhalango la dziko la Zambia la 2015, pamodzi ndi malamulo a nkhalango za m'midzi a 2018, limalola magulu ngati lanu kusamalira nkhalango zawo mogwirizana ndi a Forestry Department, choncho ntchitoyi ili m'manja mwanu.

Lantana kwawo ndi ku Central ndi South America, ndipo anabwera kuno ngati duwa lokongoletsa pakhomo. Mbalame zimadya tizipatso take takuda tija n'kukataya njere kutali, n'chifukwa chake mumaona kachitsamba kamodzi katamera kokha pansi pa mtengo umene mbalame zimakonda kuterapo. Akakula amatchinga dzuwa moti mbewu za mitengo yachilengedwe zimalephera kumera, ndipo ng'ombe zikadya masamba ake ambiri chiwindi chimawonongeka, khungu limasupuka zikakhala padzuwa, zina mpaka kufa.

Magulu ambiri amathamangira pamene chitsambacho chawirira kwambiri, pakuti m'pamene pamawawitsa mtima, koma ine ndikukulangizani kuti muyambire kwina. Yambani ndi tizitsamba tatokha timene tamwazikana mkati mwa nkhalango, m'mphepete mwa njira ndi m'mbali mwa mitsinje, chifukwa kamodzi kotere munthu amakazula ndi khasu m'kanthawi kochepa, pamene kakasiyidwa zaka zochepa kamasanduka thengo lofuna mudzi wonse. Mukayeretsa mkatimo, m'pamene muziyandikira powirira paja kuchokera m'mphepete, chaka ndi chaka.

Nthawi yabwino ndi ya dzinja, nthaka ikafewa, monga mu Januwale ndi Febuluwale. Kutema ndi chikwanje kokha sikuthandiza, pakuti chitsa chimaphukira ndi mphamvu zoposa poyamba. Kumbani mpaka mutu wa mizu utuluke. Zimene mwazula muziunjike mizu itayang'ana kumwamba kuti ziumire pomwepo, chifukwa nthambi yogona pa dothi lonyowa imatha kugwira. Nthambi zokhala ndi zipatso musazikokere kumudzi kapena kudutsa nazo m'nkhalango yoyera. Valani zamanja aatali, poti lantana ali ndi timinga tokanda. Moto musaudalire: ukadutsa mu Seputembala kapena Okutobala umapha timitengo tachilengedwe, koma lantana amaphukanso mvula ikangogwa, malo atam'tsegukira.

Pamene mwazula musasiye poyera. Tetezani mphukira za mombo, mlombwa ndi msuku ku mbuzi ndi moto, ndipo mubwerereko mvula iliyonse kukazula tatsopano, chifukwa njere zotsala m'nthaka zimamerabe kwa zaka zingapo. Gulu limene silingathe kubwereza ndi bwino liyeretse malo ochepa amene lingawasunge.

Palinso zizolowezi zimene palibe lamulo lingakulondereni, koma mudzi ungapangane pamaso pa amfumu. Choyamba ndi kusiya kubzala lantana ngati mpanda, ndi kupempha mwaulemu amene ali naye kuti am'chotse pang'onopang'ono, osawakalipira, popeza anabzala pofuna kuteteza ndiwo zawo ku ziweto. Dothi lodzaza m'machubu a ku nazale lisatengedwe pamalo pamene pali lantana, ndipo makasu, nsapato ndi matayala a ngolo zigwedezedwe matope musanalowe m'nkhalango. Ndionjezepo za lukina, ngakhale simunafunse: ndi chakudya chabwino cha ziweto ndipo sindikunena kuti mum'dule yense, koma amabala njere zochuluka zokhalitsa m'nthaka, choncho muzim'sadza zikhokhombe zisanakhwime ndipo asabzalidwe pafupi ndi nkhalango kapena mtsinje.

Ku paki ya nyama zakutchire ya Lochinvar, m'chigwa cha Kafue, chitsamba china cha minga chotchedwa Mimosa pigra chinalanda malo aakulu amene nyama ndi mbalame zinkadyerako, ndipo kuchichotsa kwafuna ndalama zambiri ndi anthu ambiri. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mukaona chomera chachilendo chimene chikufalikira msanga, mutenge nthambi yake m'thumba lomanga bwino ndi kukaonetsa mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa m'dera lanu, chisanabale njere.