Mafunso Anu kwa Azakhali: Kusankha jinzi yogwirizana ndi thupi lanu

Azakhali, ndine mayi wa zaka 29 ndipo ndimagulitsa mu shopu ina ku Limbe. Ndili ndi mbina ndi ntchafu zikuluzikulu, koma m'chiuno ndine wochepa. Jinzi ikandikwana m'chiuno imakanira m'ntchafu, ndipo ikadutsa bwino m'ntchafu imasiya mpata kumbuyo, moti ndikawerama zovala zam'kati zimaonekera. Pano ndili ndi majinzi anayi m'sutikesi amene sindivala. Kodi ndingoileka jinzi?

Mwana wanga, musaileke, chifukwa thupi lanu lilibe cholakwa chilichonse. Majinzi ambiri amene timapeza pa kaunjika anasokedwa motsatira muyezo wa kufakitale, umene suganizira kwenikweni munthu amene chiuno chake ndi mbina yake zimasiyana kwambiri kukula. Choncho pogula muziyamba mwaganizira mbali imene ili yaikulu pathupi panu. Jinzi idutse m'ntchafu ndi pambina popanda kulimbana nayo, ndipo mpata wotsala m'chiunowo ndi ntchito ya telala. Telala wodziwa ntchito amamasula msoko wapakati kumbuyo, n'kuchotsa nsalu yochulukayo pamodzi ndi kachigawo ka lamba wa jinziyo, kenako n'kubwezeretsa kachingwe kolowetsamo lamba pamalo pake, ndipo akamaliza simungadziwe kuti panadutsa lumo. Kuchepetsa n'kosavuta, koma kukulitsa jinzi yothina sikutheka bwinobwino chifukwa m'misoko yake simusiyidwa nsalu yapadera. Mwa majinzi anayi aja, tengani amene amadutsa m'ntchafu mupite nawo kwa telala sabata ino.

Chachiwiri ndi pamene jinziyo ikufika. Ija imalekeza pansi kwambiri pa mchombo ndiyo imakuvutitsani, pakuti mbina imakoka nsalu ndipo kumbuyo kumatsika mukangokhala pansi. Funani yokwera mpaka pa mchombo kapena kupitirira pang'ono, imene ambiri amaitcha high waist, chifukwa imagwira pamalo amene muli wochepa ndipo siterereka. Muitembenuzenso muone kumbuyo. Pakati pa lamba ndi matumba pamakhala msoko wooneka ngati chilembo cha V, ndipo msokowu ukakhala wolowa bwino pansi, jinziyo imakhala ndi malo okwanira mbina. Matumba ang'onoang'ono otalikirana amachititsa kuti kumbuyo kuoneke kotambalala kuposa mmene kulili, pamene apakatikati oyandikirana amakhala bwino.

Ndikudziwa kuti pa msika anyamata ogulitsa amakuuzani kuti muzungulize lamba wa jinzi m'khosi, akuti nsonga zake zikakumana ndiye kuti ikukwanani. Njira imeneyi imathandizako ena, koma imayeza chiuno chokha, pamene vuto lanu lili m'ntchafu. Gulani tepi yoyezera ya atelala muzisunga m'chikwama. Kunyumba yalani buluku amene amakukwanani bwino, muyeze m'chiuno, pambina ndi pantchafu, mulembe manambalawo pa foni, ndipo muziyeza chimodzimodzi jinzi iliyonse musanatulutse ndalama. Musadalire nambala yolembedwa m'kati, chifukwa mabelo amachokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo saizi 12 ya ku Britain imafanana ndi 8 ya ku America.

Pomaliza, werengani kansalu kofotokoza zimene anapangira. Thonje losakaniza ndi ulusi wotanuka wotchedwa elastane wokwana 1 kapena 2 pa 100 lidzakupatsani mpata wopuma popanda kutaya maonekedwe. Kokani nsaluyo ndi manja awiri muone ngati ikubwerera msanga, ndipo mukaona timakwinya tonga mafunde pantchafu, dziwani kuti timaulusi totanuka tinaduka kale. Muikwezenso kudzuwa muyang'ane pakati pa miyendo, pamene ntchafu zimakhulana, popeza jinzi ya kaunjika imayambira pamenepo kutha.

Azakhali, ndine bambo wa zaka 46 wa ku Kasungu, wamfupi ndiponso wa mimba yotuluka. Ana anga amati ndikavala jinzi ndimaoneka wamfupi kwambiri, ndipo nsalu imaunjikana pa nsapato. Kodi pa msinkhu wangawu jinzi ndi yoyenerabe?

Achimwene, ndi yoyenera ndithu. Jinzi inayamba ngati chovala cha amuna ogwira ntchito zolimba. Mu 1873 telala wina dzina lake Jacob Davis pamodzi ndi wamalonda Levi Strauss wa ku San Francisco analandira chilolezo cha boma la America choteteza luso lawo lokhomera timisomali ta mkuwa m'makona a matumba kuti asamang'ambike. Kathumba kakang'ono kaja kali m'kati mwa thumba lakumanja kanali kosungiramo wotchi. Mabuluku amenewo anali a miyendo yowongoka, ndipo mtundu umenewu, umene Levi's 501 ndi chitsanzo chake chodziwika, ndi umene ndikukulangizani.

Pewani jinzi yothina m'miyendo, chifukwa miyendo ikaoneka yopyapyala, mimba imaoneka yaikulu kuposa mmene ilili. Pewaninso yotakasuka mopitirira, pakuti imameza msinkhu wanu. Abambo ambiri amamanga lamba pansi penipeni pa mimba pofuna kusunga nambala imene ankavala ali anyamata, ndipo zotsatira zake n'zakuti pakati pa buluku pamalendewera ndipo miyendo imafupika. Onjezerani nambala imodzi kapena ziwiri kuti jinzi ikhale pansi pang'ono pa mchombo, zala ziwiri zizilowa m'chiuno mosavuta, ndipo poyesa mukhale pampando muone ngati mukupuma bwino. Majinzi a amuna amalembedwa manambala awiri, monga W36 L32. Loyamba ndi chiuno, lachiwiri ndi kutalika kwa mwendo kuyambira pamphanda kufika pansi, ndipo onse ali m'mainchesi, inchi imodzi kukhala masentimita 2.54. Munthu wamfupi kawirikawiri amafuna L28 kapena L30, imene sipezeka wamba, choncho kudulitsa sikungapeweke.

Musanapite kwa telala, ichapeni kaye, chifukwa thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba. Mupite mutavala nsapato zimene mudzavalire jinziyo, ndipo telala aike chizindikiro pamene nsalu ikungokhudza pamwamba pa nsapato n'kupindika kamodzi kokha. Mum'pemphe asokere ulusi wokhuthala wofanana ndi wa misoko inayo. Sankhani mtundu wa buluu woderapo kapena wakuda, wopanda zigamba zoyera pantchafu ndi m'maondo, popeza mtundu umodzi kuchokera m'chiuno mpaka pansi umatalikitsa munthu, ndipo ndi malaya a kolala mukhoza kulowa nayo mu ofesi Lachisanu popanda wokuyang'anani kawiri.

Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 21 wophunzira ku Zomba, wamtali ndiponso wochepa thupi. Ndimakonda majinzi ong'ambika m'maondo, koma amayi anga amakhumudwa ndikapita nawo kwathu ku Dedza. Ndivale zotani kuti ndikhale womasuka popanda kukangana nawo? Komanso majinzi anga amasuluka msanga.

Mwana wanga, thupi ngati lanu limalandira mitundu yambiri. Jinzi ya miyendo yotambalala, ya buluu wowala, ya matumba okhala ndi zivindikiro kumbuyo, imakuwonjezerani thupi pang'ono, ndipo mukhoza kupinda m'munsi kuti akakolo aoneke, zimene munthu wamfupi sangachite popanda kudzifupikitsa. Chimene muyenera kusamala ndi kutalika, chifukwa telala sangawonjezere nsalu imene palibe, choncho funani L33 kapena L34.

Za amayi anu, ndikupempheni muwamvetse. M'dziko muno munali lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo linathetsedwa mu 1993. Amayi ambiri anakula nthawi imeneyo, ndipo kwa iwo bondo la mwana wamkazi loonekera pagulu ndi nkhani yokhudza ulemu wa banja lonse. Ine sindiona cholakwika kuti jinzi yong'ambika muzivala muli ndi anzanu kusukulu, koma popita ku Dedza nyamulani yosang'ambika, ya miyendo yowongoka, muvale ndi bulauzi yaitali yosokedwa ndi nsalu ya chitenje, imene imakongola kwambiri pamwamba pa buluu woderapo. M'chikwama musamasowe chitenje choti mumange mukafika pamaso pa akuluakulu, kutchalitchi kapena pamaliro.

Kusuluka kuli ndi chifukwa chake. Utoto wa indigo umene amanyika jinzi umangomata kunja kwa ulusi osalowa m'kati, ndipo ulusi wopingasa amausiya woyera, n'chifukwa chake jinzi imakhala yotuwa mukaitembenuza. Mukaipukusa pamwala kapena kuikwecha ndi burashi, mumakhala mukupala utotowo. Muziitembenuza kaye, muichape m'madzi ozizira ndi sopo wochepa, musainyike usiku wonse, ndipo muiyanike pamthunzi ili chitembenuzire. Simufunika kuichapa nthawi iliyonse mukavala. Ngati ilibe thukuta kapena dothi, ipachikeni pamalo opita mphepo, mudzaichape mutaivala kanayi kapena kasanu. Ikakhala yotanuka, musaisite ndi simbi yotentha kwambiri, chifukwa kutentha kumapha elastane ndipo m'maondo mumayamba kulendewera.